Mayi Dorika Kasembe ndi Amayi a Kushedi

Malemu mayi athu, a Dorika Kasembe, anabadwa pa 14 Juni 1964 konkuno ku Nkope, m'nyumba ya udzu yomwe inali pamene pakhala a kwaya apo. Anali achitatu m'banja la ana asanu. Bambo awo anali asodzi a khoka la chilimira, mayi awo ankawamba nsomba. Mwa ana asanu aja atsala amodzi, malume athu a Howard, mwinimbumba wathu, amene afika dzulo kuchokera ku Lilongwe.

Abusa, mafumu, akuluakulu a mpingo ndi nonse amene mwabwera kudzakhuza maliro ano, mbiri ino talemba ndife ana a malemu, ndipo akuwerenga ndi mwana wawo wamkazi, Ndaona. Mawu akamanjenjemera mutikhululukire. Tiwakweza pang'ono kuposa mwa masiku onse, chifukwa pali amayi ena amene akhala kunja kwa mpanda uwo kuyambira dzulo. Amenewo ndi amayi a kushedi, amene ankavina ndi malemu Lamulungu lililonse. Anauzidwa kuti asalowe pa maliro ano, popeza kunamveka kuti ndiwo anawavinitsa mayi athu ali ndi chilonda mpaka mwendo unadulidwa. Mbiri ikatha tiona nkhope, kenako bokosi litsekedwa. Choncho tikupempha kuti mumve zonse nthawi ikadalipo.

Sukulu anayamba mu 1971 pa pulayimale ya konkuno, nafika Sitandade 8 mu 1979. Ku sekondale sanasankhidwe. Mutu unalipo ndithu, koma miyendo ndiyo inkalamulira. Kukangomveka ng'oma ya beni kumidzi ya kumtunda, a Dorika ankasiya usipa pa thandala, akhwangwala n'kumachita nawo phwando, iwo ali kumbuyo kwa abambo ovala zausilikali aja, kutengera kapondedwe kawo. Malume a Howard ndiwo ankatumidwa kukawatenga ndi kamtengo m'manja. Nthawi zambiri ankabwera atawabereka kumsana, chifukwa mapazi anali atatuluka matuza, ndipo kamtengo kaja ankakataya panjira.

Mu 1982 anapeza ntchito yokonza m'zipinda pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Kumeneko banja lina la azungu linaona kuti mwana wawo wolilalira amatonthola a Dorika akamunyamula n'kumamugwedeza. Mu 1984 anawatenga kupita nawo ku Blantyre kukalera ana, ndipo mu 1987 banjalo pobwerera kwawo ku Mangalande linapita nawo ku London.

Chaka choyamba chinali chowawa. Ankatiuza kuti kuzizira kwa kumeneko sikuli ngati kwa mwera, komwe umati ukalowa m'nyumba kwatha. Kumeneko kumakutsatira mpaka m'mafupa. Tsiku lawo lopuma linali Lamulungu. Akaweruka kutchalitchi ankakwera basi, n'kukhala pamwamba, kumangozungulira mzinda wopanda munthu womupatsa moni. Tsiku lina mayi wina wa ku Jamaika, amene ankakumana naye kopititsa ana kusukulu, anawauza kuti Lamulungu masana kuli malo amene anthu amasonkhana, ndipo munthu amatulukako mtima utapepuka. Mayi athu anaganiza monga aliyense wa kuno akanaganizira. Anthu osonkhana Lamulungu masana, mtima n'kupepuka, china n'chiyani? Anavala diresi lawo lalitali, nsapato za kutchalitchi, duku kumutu, natenga buku la nyimbo.

Anakapeza kalabu. Kunja dzuwa lilipo, m'kati muli mdima ndi thukuta, malipenga akulira ngati akuthamangitsana. Ankati anafuna kubwerera pakhomo pomwepo, koma miyendo inakana.

Tifotokoze pang'ono za nyimbozo, chifukwa ambiri kuno mwakhala mukumva dzina lake osadziwa kumene linachokera. Masiku amenewo ku London kunali anyamata oika mbale za nyimbo, zija zakuda zozungulira pa galamafoni. Iwo ankafukula m'masitolo a zakale mbale za jazi za ku Amereka ndi ku Brazil zomwe anthu anali ataziiwala, n'kusankhamo zothamanga zokhazokha, kuti achinyamata avine m'malo mokhala pansi kumagwedeza mutu. Nthawi yomweyo kunatchuka nyimbo zina za makina zotchedwa asidi hausi, ndiye anyamata a jazi aja, mwa nthabwala chabe, anatcha zawo asidi jazi. Dzinalo linakakamira. Pambuyo pake kunabadwa magulu oimba okhala ndi malipenga, limba, magitala ndi ng'oma zamanja, akuimba zatsopano pa maziko a zakale zija. M'kalabumo munkakumana ana a anthu ochokera ku Jamaika, ku Afrika, ku India ndi azungu omwe, osafunsana kuti kwanu n'kuti. Mayi ankati chinawadabwitsa kwambiri n'chakuti oimba ambiri a pa mbalezo anali atamwalira kalekale, koma ankatulutsabe thukuta ana a eni.

Kavinidwe kake kanali ka bwalo. Anthu ankazungulira, munthu mmodzi n'kulowa pakati kuonetsa zimene mapazi ake akudziwa, akatopa wina n'kumulanda. Ambiri olowa anali anyamata, ena atavala masuti ndithu. Pansi ankawazapo paudala kuti nsapato ziziterera bwino potembenuka. Mayi athu anaima kukhoma miyezi ingapo, kumangoyang'ana. Ndiye Lamulungu lina mu 1988 paudala anawathera anyamata aja, pansi panayamba kumata. A Dorika anapisa m'chikwama, poti wolera ana sayenda opanda paudala wa makanda, nalowa pakati kukawaza. Ali pakati pomwepo lipenga linayamba. Sanatulukemo. Anaponda beni ya kuno, mwendo wamanja pansi mwamphamvu, thupi chilili ngati msilikali, kenako n'kutembenuka pa chidendene mwa kuterera kwa kumeneko. Anthu anakuwa. Pofotokoza nkhaniyi ankangoti, "Lipenga ndi lipenga basi, ana inu. Kaya lalira ku London, kaya pa Nkope, limafuna phazi."

Kuyambira pamenepo anali a m'bwalo. Ntchito yawo yolera ana anaigwira mokhulupirika, mowa sanaulawe, kutchalitchi sanajombe. Tikunena izi poyera chifukwa zinanenedwa zambiri. Anaona nyimbozo zikukula, zikulowa pa wailesi ndi pa kanema, magulu akupita kukaimba kumaiko ena. Anaonanso bwalo likuchepa. Ankati chinthu chikatchuka kumabwera anthu odzaonerera atanyamula matambula, ndipo wovina amasowa poponda.

Mu Ogasiti 1993 anabwerera kumudzi chifukwa agogo athu aakazi anadwala. Sutikesi yawo inalemera moti anainyamula abambo awiri kuchokera pamsewu, ndipo mudzi wonse unatsimikiza kuti muli makina osokera. Atatsekula munali mbale za nyimbo zokhazokha, ndi galamafoni yokulungidwa m'majuzi. Agogo, ali chigonere pa mphasa, anayang'ana nati, "Anzako amabwera ndi makina, iwe wabwera ndi phokoso." Mayi athu anawadwazika agogowo mpaka anamwalira chaka chotsatira. Mbale zija anazisamala ngati mazira. Kutentha kwa Mangochi kumazipinda, choncho ankaziimika chilili m'chipinda cha m'kati, pafupi ndi mtsuko wa madzi, ndipo mwana wogwira pakati pa mbale ndi zala za mafuta ankadziwa yekha chomuchitikira.

Pa 22 Epulo 1995 anamanga ukwati woyera ndi bambo athu, malemu a Jonathan Kasembe a ku Lungwena, amene ankakonza mainjini a maboti. Anadziwana chifukwa cha galamafoni yomweyo, poti kuno kunalibe magetsi ndipo a Jonathan ndiwo anapeza nzeru yoilumikiza ku batire la galimoto. Ntchito ya tsiku limodzi anaikoka mwezi wathunthu, tsiku lililonse akuti patsala kawaya kamodzi. Bambo sanavinepo moyo wawo wonse. Ankakhala pambali pa batire, chala chachikulu cha kuphazi chokha n'chimene chinkagwedera. Mulungu anawapatsa ana awiri, Barnaba mu 1996 ndi Ndaona mu 1999. Bambo anatisiya mu 2011, ndipo mayi anatilera okha ndi geni ya usipa mpaka tonse tinamaliza Folomu 4.

Mu 1998 anapempha shedi yakale yosungiramo nsomba kugombe kuja, naikolopa mpaka fungo linachepa. Anayamba ndi amayi atatu ogulitsa nawo usipa: che Mwanamvua, che Safia ndi che Zena. Nthawi anaisankha mwanzeru, Lamulungu masana, Akhristu ataweruka kutchalitchi, ndipo ankatseka dzuwa lisanalowe kuti Asilamu akapeze swala ya madzulo. Paudala anali wodula, ndiye ankawaza ufa wa kondowole wosefa kawiri. Malamulo anali ochepa koma olimba. Mowa usafike pakhomo. Wolowa m'bwalo alowe yekha. Munthu asasekedwe, ngakhale atavina ngati akupha njoka. Za lamulo lomalizali che Zena ndiwo mboni, chifukwa chaka chawo choyamba chonse ankatembenukira kolakwika n'kukagunda khoma, ndipo aliyense ankangoluma mlomo.

Zonena zinalipo. Ena ankati kushedi ndi bala yobisika, ena ankati amayi akuphunzira uhule wa kunja. Abambo angapo anapita kukasuzumira pa ming'alu ya malata, napeza akazi awo omwe, anthu osenza mabasiketi sabata yonse, akuseka ngati atsikana. Ena anabwerera mwakachetechete, ena anayamba kunyamulirako batire. Gulu linakula mpaka amayi ankachokera kumidzi yakutali pa njinga. Ku London nyimbo zija zinazilala kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makalabu ena anatsekedwa, koma kuno mbale zomwezo zinkazungulirabe. Lero mukapita pa ukwati uliwonse m'dera lino muona aperekezi akuponda ndi mwendo wamanja n'kutembenuka pa chidendene. Ana amati chidorika, ndipo ambiri sadziwa n'komwe kuti ndi dzina la munthu. Zaka zapitazi Barnaba anawaonetsa mayi pa foni achinyamata a ku London atayambiranso kuimba jazi yovina. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, kenako anati, "Akuyesetsa. Koma pansi sanawaze."

Mu 2016 anawapeza ndi matenda a shuga. Mankhwala ankamwa, koma mwa okha, akakumbukira. Tsopano tafika pa nkhani imene yaika amayi aja kunja kwa mpanda. Zimene tinene pano sitinachite kumva. Ndaona anali m'nyumba muno nthawi yonseyo, atabwera kudzachira mwana wake woyamba, ndipo munthu wa khanda sagona, amaona zambiri.

Mu Seputembala 2024 mayi anaponda munga wa nsomba kugombe, kuphazi lamanja. Sanauze munthu. Anayamba kuvala masokosi, Okutobala wa kuno mukumudziwa, ndipo ankasamba chitseko chokhoma, madzi n'kukataya okha kuseri. Atafunsidwa za masokosi anayankha kuti, "Iwe yang'ana mwana wako, ine ndinakula kale." Kushedi ankapita, ndipo n'zoona kuti anavina ndi chilondacho. Amene anaimbira foni malume ku Lilongwe ananena zoona pamenepo. Koma anathera pomwepo, pamene nkhani inali isanathe.

Amene anatulukira za chilondacho anali che Mwanamvua. Anaona kuti a Dorika, amene zaka zonsezi ankatembenuka pa chidendene chamanja, ayamba kutembenukira kumanzere. Anakachotsa singano pa mbale nyimbo ili pakati, chinthu chimene munthu anali asanayerekezepo, nawakhazika pansi, nawavula sokosi ndi manja awo. Madzulo omwewo amayi aja anapeza galimoto, ndipo mayi anagona kuchipatala. Madokotala anati chilonda chalowa kwambiri, mwendo uyenera kudulidwa pansi pa bondo. Mayi anakana. Anati, "Ndinabwera nayo iwiri, ndibwerera nayo iwiri." Ana tinalira, abusa anabwera, malume analankhula nawo pa foni mpaka mayunitsi anatha. Anatuluka m'chipatala mwa kufuna kwawo.

Lamulungu lotsatira anauza Barnaba kuti anyamule batire, iwo anakwera kabaza mpaka kushedi. Anawaza kondowole, anaika mbale, anakhala pa mpando kudikira. Sikunabwere munthu ndi mmodzi yemwe. Amayi onse anali atakhala pansi pa mtengo wa bwemba kwa che Safia, pamene nyimbo imamveka bwinobwino, atafulatira shedi, akulukana tsitsi. Mayi anatuma Barnaba kukafunsa ngati agontha. Che Mwanamvua anayankha kuti, "Kawauze amayi ako kuti ife timavina ndi anthu ofuna kukhala moyo. Akadule kaye, atipeza." Mayi atamva anati, "Mwanamvua yemwe ndinamuphunzitsa kusiyanitsa mwendo wamanja ndi wamanzere, lero ndi dokotala?" Anakweza nyimbo mpaka malata anayamba kunjenjemera. Ndaona anali pamenepo ndi mwana kumsana, ndipo anaona phazi la che Zena likugunda pansi lokha m'kati mwa chitenje, che Safia n'kuliponda kuti likhale chete.

Zinatero Novembala yense ndi Disembala yense. Masiku ena onse amayi omwewo ankabwera kunyumba kuno kudzatsuka chilonda, kudzachapa ndi kudzatunga madzi, mayi akuwanyoza kuti ndi achiwembu, iwo n'kumapitiriza ntchito yawo. Koma likafika Lamulungu, pansi pa bwemba. Anthu amene chisangalalo chawo cha sabata yonse chinali maola ochepa amenewo anadzimana okha, ngakhale m'nyengo ya Khirisimasi. Mayi ankaonda, fungo la chilonda linayamba kumveka pakhonde, koma ankapitabe kukawaza ufa wawo. Lamulungu loyamba la Januwale 2025 anakhala m'shedimo nyimbo ikulira, ufa uli mbee wopanda phazi la munthu, mpaka nkhuku zinalowa kuyamba kujompha. Kenako anazimitsa okha galamafoni nati, "Barnaba, kamuuze dokotala Mwanamvua apeze galimoto."

Mwendo unadulidwa pa 14 Januwale 2025. Madokotala anatiuza kuti akanachedwa pang'ono, poizoni akanalowa m'magazi. Kuchipatala amayi a kushedi ankasinthana kugona pansi pa bedi lawo, chifukwa Ndaona anali ndi khanda ndipo Barnaba sakanagona ku wodi ya amayi. Malume anatumiza chikuku kuchokera ku Lilongwe, ndipo mayi ankachinyadira, ankati mlongo wawo wawagulira galimoto.

Mu Malichi anabwerera kushedi. Tinkaopa kuti akaona ena akuvina mtima uwawa, koma iwo anali ataganiza kale. Anaitanitsa benchi, naliwaza kondowole, navala nsapato zawo zakale za ku London m'manja. Ndi manja amenewo anaphunzitsa atsikana mapondedwe onse amene anali asanawaonetsepo munthu, nsapato zikugogoda pa benchi, iwo akukalipa kuti, "Chidendene, mwana iwe, chidendene! Ukuponda ngati ukufuna ndalama yotayika." Miyezi imeneyo anaseka kwambiri kuposa zaka zambiri za m'mbuyo. Anaona mdzukulu wawo wamng'ono akukwawa, akuimirira pogwira chikuku, mpaka akuyenda. Miyezi imeneyo tinapatsidwa ndi Mulungu, koma inadzera pansi pa bwemba paja.

Kumapeto kwa Seputembala impso zinayamba kuvuta, thupi linatupa. Anagonekedwa m'chipatala pa 29 Seputembala, ndipo anatisiya Lachiwiri pa 7 Okutobala 2025 m'mawa, ali ndi zaka 61. Madokotala anati ndi shuga yemweyo, osati mwendo. Pa nthawiyo pambali pawo panali Ndaona ndi che Mwanamvua, ndipo amene anawatseka maso ndi che Mwanamvua.

Malemu asiya ana awiri, Barnaba ndi Ndaona, zidzukulu zitatu, ndi mlongo wawo a Howard. Tikuthokoza abusa ndi mpingo wonse, a kwaya amene mwachezera nafe, mafumu potipatsa malo, adzukulu amene mwakumba manda pa nthaka youma ya mwezi uno, anamwino ndi madokotala, asodzi amene mwapereka ndiwo, ndi amayi amene muli pa moto kuyambira dzulo. Nkhuni zimene mukusonkhezerazo ndi madzi amene ali m'migolo anazisiya pa chipata m'mamawa amayi a kushedi, n'kubwerera kukakhala kumene anauzidwa.

Malume, ife ndife ana, pa maliro sitilamula. Munakwiya n'kuwaletsa amayi aja kulowa chifukwa munamva kuti mlongo wanu anazunzika, ndipo munthu wosakonda sakwiya. Munali kutali, munauzidwa theka. Theka linalo ndi limene mwamvali, pamaso pa anthu onsewa, ndipo ngati tanama alipo pano ambiri otitsutsa. Ambiri mwa amayi aja ndi Asilamu, ndipo mwa mwambo wawo kumanda safika. Bokosi ili likatsekedwa, kwa iwo kwatha. Sakupempha kuvina, sakupempha kulankhula. Mkeka tawayalira kale apa, kumutu kwa bokosi, ndipo chipata chili kumbuyo kwa mpando wanu. Tikupempha a kwaya kuti nyimbo yoonera nkhope muyambe mwaiimitsa, mpaka malume atatiuza.

Mayi, mwagwira ntchito yanu, mwatilera, mwavina mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.